Mashini Opanda Mano a Agogo Mulipa

Lachinayi, 16 Julayi 2009

Lero ndadzuka ndi mkwiyo. Nsagwada zimawawa chifukwa ndinagona nditaluma mano, ndipo nditatsegula chitseko, chiperoni chili mbuu m'minda ya tiyi, choyamba kundibwerera m'mutu chinali nkhope ya a Mpokosa. Ndikudziwa kuti mtsikana wobatizidwa sayenera kuyamba tsiku motere. Ndalemba chifukwa ndi zoona.

Papita masabata atatu chimwalirireni agogo anga aamuna, a Mulipa, amene pa esiteti ponse ankangowatchula kuti Atelala. Mashini awo osokera palibe pakhomo pano. Patangopita masiku atatu titaika maliro, a Fakisoni, mwana wa mlongo wawo wa agogo, anabwera ndi ngolo n'kunena kuti kwathu katundu wa mwamuna amabwerera kwa ana a mlongo wake. Amayi aang'ono, a Rozi, amene anandilera, anakana mpaka mawu anasasa, koma akuluakulu anagwirizana ndi a Fakisoni. Sabata isanathe tinamva kuti mashini awasinthitsa ndi mbuzi ziwiri, ndipo amene anapereka mbuzizo ndi a Mpokosa, kapitawo wakale wa pa esiteti. Pa anthu onse a m'Thyolo muno, iwowo.

Dzulo a Mpokosa anabwera okha kudzanena kuti mashini angathe kubwerera, koma tiwapatse chinthu chimodzi. Yankho akulifuna mawa. Ndisanalembe za chinthucho ndiyenera kulemba za agogo, chifukwa ndikuopa kuti ndikachedwa ndiyamba kuwakumbukira ngati munthu wofatsa, monga anawanenera pamaliro. Sanali ofatsa.

Anali aafupi, mapewa opindika ngati chogwirira cha ambulera, ndipo m'kamwa mwawo simunkasowa mapini atatu kapena anayi, moti akamakukalipira unkachita kutchera khutu kuti umve mawu odutsa m'mapinimo. Ulusi ukaduka ankatukwana m'Chilomwe, kenaka n'kupepesa kwa Mulungu m'Chichewa. Lachisanu dzuwa likapendeka ankafunditsa mashini chitenje, ndipo ngakhale mkwati abwere akulira, sankavundukula mpaka Sabata litatha. Tiyi sankamwa. Anthu ankayesa n'chifukwa cha mpingo, koma iwo ankati amamudziwa bwino tiyi, sangamulowetse m'mimba.

Pa esiteti ntchito yawo inali yosoka malona ophimbira ngolo za thirakitala, matumba ndi maepuloni a anthu othyola tiyi. Mashini ake sanali ngati aang'onoang'ono a pakhonde la sitolo aja. Anali akuda, oyendetsa ndi phazi, olemera moti amuna anayi ankachita kupumira m'njira, ndipo khosi lake linali lalitali kuposa mkono wanga wonse, kuti lona lathunthu lizilowa pakati pa singano ndi thupi la mashini. Esiteti itagula mashini amagetsi mu 1995, agogo akupuma ntchito, anawauza kuti akalewo atenge ngati chowatsanzikira.

Mashini aliwonse osokera ali ndi timano pansi pa singano. Timanoto ndi timene timakoka nsalu kuti izipita kutsogolo, n'chifukwa chake msoko umawongoka. Tsiku limene mashini anafika pakhomo, agogo anamasula timanoto, anatiika m'thumba la malaya, n'kukatitaya m'damu la pa esiteti. Anachotsanso kaphazi kopanikizira nsalu, m'malo mwake anapinda sipoko ya njinga kukhala kamphete kozungulira singano. Aneba anati Atelala apenga, aononga mphoto yawo. Iwo ankati mizere yowongoka anaisokera bwana ndi kapitawo zaka zokwanira, tsopano nsalu izipita kumene akufuna iwo.

Kuyambira pamenepo anayamba kusoka zofunda za zigamba. Zigambazo ankatola kwa matelala a ku Luchenza, ndipo a Rozi ankawathandiza kulumikiza pamanja. Pamwamba zigamba, pakati bulangeti lakale lothetheka, pansi matumba a ufa ochapa. Zitatuzi ankaziphatikiza ndi mapini kuyambira pakati kupita m'mbali. Mbali imodzi ankaipinda ngati mkeka kuti ilowe pansi pa khosi la mashini, ina n'kuigoneka pa chitseko chakale chimene anachikhazika pa njerwa, kuti kulemera kwa chofunda kusakoke singano. Thebulo ankalipaka kandulo kuti nsalu iziterera. Akatero ankakhala pansi, n'kuyala zikhato zonse ziwiri pansalu, singano ili pakati, phazi n'kuyamba kupalasa. Singano inkangokwera ndi kutsika pamalo amodzi. Chimene chinkayenda ndi nsalu: kutsogolo, m'mbuyo, cham'mbali, mozungulira. Ulusi unkasiya masamba, nkhono, njira za nyerere, mapiri. Sankayamba ajambula ndi choko. Ankati phazi ndi manja zizimvana ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Phazi likathamanga manja akuzengereza, ulusi umaunjikana mfundo. Manja akathamanga phazi likuwodzera, misoko imatalika n'kumakola zala za wogona.

Makasitomala ankakangana nawo kuposa kuwasokera. Namwino wina wa ku Makwasa anabwera ndi nsalu zake zatsopano, nati akufuna mizere yowongoka ngati ya chofunda chimene anaona m'sitolo ku Limbe.

Agogo analavula mapini m'dzanja n'kuloza kuminda. "Mizere yowongoka ili uko, amayi. Kagoneni m'munda wa nambala seveni."

Mayiwo ananyamula nsalu zawo akunyinyirika. Anabweranso mu Juni, chisanu chitawalangiza, ndipo anatenga chofunda cha nkhono.

Amayi anga dzina lawo linali Estere, mwana woyamba wa agogo. Sindinawaone. Zimene ndikudziwa ndinamva kwa a Rozi, chifukwa agogo nkhaniyi sanaifotokozepo ndi pakamwa. Munali mu Januwale 1994, nyengo imene tiyi amaphuka ngati akuthamangitsidwa ndipo aliyense wokhoza kuima amakathyola. Amayi anali oyembekezera, kutatsala mwezi. Matenda anawayamba m'munda dzuwa lili paliwombo, amayi anzawo anawazinga ndi zitenje, ine n'kubadwira pakati pa mizere ya tiyi. Magazi sanaleke. Thirakitala inali pafupi, pa shedi yoyezera masamba, ngolo itadzaza. Amayi anzawo aja anathamangira kwa a Mpokosa kukapempha kuti itenge wodwala kupita naye kuchipatala ku Makwasa. A Mpokosa anapisa mkono m'masamba, anamva kuti ayamba kutentha, nati akachedwa afiira ndipo kufakitale akawakana. Thirakitala ikatule kaye, ibweranso. Anakwera pamwamba n'kupita nayo. Inabwera dzuwa litalowa. Nthawi imeneyo amuna anayi anali atanyamula kale amayi pa machira a lona, lona losoka agogo omwe. Anamwalirira pa kamlatho, malata a chipatala akuoneka.

A Mpokosa ndi a mpingo wathu womwewu, ndipo atapuma ntchito anawasankha kukhala dikoni. Tsiku la mgonero timayamba tasambitsana mapazi, awiriawiri, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Zaka zambiri agogo ankaonetsetsa kuti akhala kutali ndi a Mpokosa. Koma mu 2001 kunabwera abusa atsopano, achinyamata, amene atamva nkhaniyi anafuna kuikonza tsiku limodzi. Anawagwira agogo pamkono, anawapatsa beseni ndi thaulo, n'kuwaimika pamaso pa a Mpokosa, amene anali atavula kale nsapato. Amuna amene analipo amaikambabe mpaka lero. Akuti agogo anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali.

"Abusa, apa ndisambitsepo chiyani? Mapazi awa ndi oyera. Tsiku lija sanaponde matope, anakwera thirakitala. Ndiitanireni anthu anayi anayenda wapansi aja, awo ndiwasambitsa."

Anaika beseni pansi bwinobwino, madzi osatayika, n'kutuluka. Mpingo unawaimitsa mgonero chaka chathunthu. Chaka chimenecho ndi chimene anasoka chofunda cha Estere.

Anatulutsa m'sutikesi zitenje ziwiri za amayi ndi diresi lawo loyera la ubatizo. Zitenje anaika m'mphepete, diresi analing'amba m'misoko n'kulitambasula pakati kuti pakhale poyera. Ulusi anagula wofiira. Mzere wake ndi umodzi wokha. Umayamba ndi mitengo ya tiyi, kenaka mkazi wogona, amayi atamuzinga. Umakwera n'kusanduka thirakitala, ndipo pamwamba pa ngolo pakhala munthu wa chipewa chachikulu, mkono uli m'masamba mpaka m'chigongono. Umatsika n'kusanduka msewu, anthu anayi, kamlatho. Pakamlathopo mzere umangothera panjira, ulusi anausiya ukulendewera osaudula. Nsalu yotsalayo ndi yoyera, yopanda kanthu.

Nyumba yathu ili m'mbali mwa njira imene othyola tiyi amadutsa m'mawa ndi madzulo. Tsiku lililonse lopanda mvula, kupatula Sabata, agogo ankayanika chofundacho pa waya, chithunzi chitayang'ana kunjira. Ulusi ukasuluka ndi dzuwa ankaudutsanso wina pamwamba pake. Antchito atsopano ankaima n'kufunsa kuti munthu wa chipewayu ndani, ndipo akale ankawauza akuyenda. A Mpokosa anasiya njira imeneyi n'kumazungulira ku mabulugamu.

Anakadandaula kwa akulu a mpingo. Agogo anaitanidwa, chofunda chinayalidwa patebulo.

"A Mulipa, akuti mukuwanyoza a dikoni," anatero mkulu wotsogolera.

"Dzina lawo lili pati? Ine sindidziwa kulemba. Werengani inu ophunzira."

"Koma chipewachi aliyense akudziwa kuti ndi changa!" anatero a Mpokosa.

"Eti? Ndiye mwadzizindikira nokha. Nanga mkono uli m'masambawu, ndi wanunso?"

Mkulu wina anatsokomola pobisa kuseka, mlandu unathera pomwepo. Chipewa chija a Mpokosa sanachivalenso.

Ine anandilola kukhala pa mashini ndili mu Sitandade 8. Anachotsa ulusi, anandipatsa mapepala anga akale a mayeso, nati ndiboole masamba ndi singano yokha. Ndinathyola singano ziwiri tsiku lomwelo. Anati ndili ndi phazi la mbala ndi manja a mfumu. Koma anandiuzanso kuti iwo eni anaononga matumba chaka chathunthu asanasoke tsamba looneka ngati tsamba. Chaka chino ndinali nditayamba ndi ulusi. Masamba anga amafanana ndi mbatata, komabe msoko umagwira.

Tsiku lina titaphunzira za kukhululuka ku Sukulu ya Sabata ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Sanakalipe. Anati akhululuka tsiku limene a Mpokosa adzakwere pakhonde pano n'kutchula dzina la Estere ndi pakamwa pawo, basi, dzina lokhalo, ndipo chofunda adzachichotsa pa waya ndi manja awo. Anadikira zaka khumi ndi zisanu. Chifuwa chinawagwira mwezi wathawu, anagona masiku asanu kuchipatala ku Makwasa, ndipo mawu omaliza amene ndinawamva anali ondiuza kuti ndisaiwale kuthira mafuta mashini.

Dzulo ndikuchokera kusukulu ndinapeza a Mpokosa atakhala pakhonde, pa mpando wa agogo, a Rozi ali pamkeka. Akalamba, maso ayamba kuyera, koma amalankhulabe ngati akuitana mayina pa shedi.

"Mwana uyu wakula. Fomu chani?"

"Fomu 2," ndinayankha nditagwada, chifukwa ulemu ndinaphunzitsidwa.

"Mayi Rozi, ine sindinabwere ndi nkhondo. Mwini nkhondo wagona. Mashini aja ali kwa mkamwini wanga, ali ndi shopu yosokera ku Luchenza. Mukawafuna ndi anu. Ine mungondipatsa chinsalu chimayanikidwa apa chija."

"Mukachita nacho chiyani?" anafunsa a Rozi.

"Zimenezo n'zanga. Ndili ndi zidzukulu pasukulu, anzawo amaziseka. Nkhani zakale zizitha ndi eni ake."

"Nkhani yake iti, bambo?" ndinafunsa ine. A Rozi ananditsina pamwendo.

"Iwe khala chete. Unali usanabadwe."

"Ndinali nditabadwa. Ndinali ndi ola limodzi."

Anayang'ana kumbali. Ndinadikira kuti mwina atchula dzina la amayi. Akanatchula, mwina bwenzi lero ndikulemba zina. Koma anangotola ndodo yawo n'kunena kuti Lachisanu masana akhala ali kushopu. Tikapanda kubwera, mashini awapereka kwa osula makasu akaphwanye.

Ndinadabwa kuti munthu ngati ameneyu angabweze bwanji chinthu chimene anatayira mbuzi. Lero tinaweruka molawirira, ndiye ndinapita ku Luchenza ndili mu yunifolomu, ngati wongodutsa. Mashini ndinawapeza kuseri kwa shopu, panja, ataunjikidwa zinyalala za nsalu, nkhuku itakhala pa thebulo. Mkamwiniyo ndi wa ku Mulanje, sandidziwa.

"Achimwene, awa simuwagwiritsa ntchito?"

"Amenewo? Akufa, chemwali. Apongozi anaponya mbuzi m'madzi. Singano ikuyenda, koma nsalu siyenda. Imangoboola pamodzimodzi mpaka ulusi kumanga chisa. Mano ake mulibe. Ndafunsa mpaka ku Limbe, akuti mtundu umenewu anasiya kalekale. Ena akuti mdala ujayo anawatchera mankhwala. Ine m'shopu mwanga ayi, asalowe."

Ndinathamangitsa nkhuku n'kugwira gudumu. Linazungulira mofewa, osalira n'komwe. Kamphete ka sipoko kali pomwepo. Ndinachita kudziluma mlomo. Zaka zonsezi a Mpokosa ankathawa khonde lathu, ndiye sanaonepo ngakhale kamodzi mmene agogo ankasokera. Akuyesa akutipusitsa. Akuyesa akutipatsa chitsulo chakufa n'kutenga umboni.

Nditafika kunyumba ndinawauza a Rozi maganizo anga. Anasiya kusankha nyemba.

"Mwana iwe, lija ndi diresi la amayi ako. Akalitentha."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndiye ukufuna chitsulo kuposa amako?"

"Chofunda ndi chimodzi. Mashini angasoke zambiri."

A Rozi anaseka, misozi ikutsika. "Atelala sanafe, angosintha diresi." Anati diresilo linali la amayi anga, choncho mwini wake ndine, ndichite zimene ndaona.

Kusanade ndinang'amba mapepala m'kope langa la jogalafe, ndinawalumikiza ndi phala, ndinawayala pa chofunda n'kukhutiza pensulo pamwamba mpaka msoko wonse unatuluka, kuyambira pa mitengo ya tiyi mpaka pa kamlatho. Chipewa chatuluka bwino kwambiri. Nditamaliza ndinaika nkhope pa nsalu yoyera ija n'kulira. Sinunkhiza amayi, sindidziwa n'komwe fungo lawo. Imanunkha dzuwa ndi mafuta a mashini.

Ndikulemba izi nditakhala pakhonde. Pamene panali mashini patsala maenje anayi m'dothi, mmene miyendo yachitsulo inazama, ndipo pakati pake pali kadzenje kosalala kamene chidendene cha agogo chinakumba. Pali banga lakuda la mafuta limene a Rozi azira kawiri koma likutulukabe. Chitseko chakale chija chatsamira khoma, njerwa zake zili apo. M'ming'alu muli timaulusi tamitundumitundu ndi nsonga za singano zothyoka. Khondeli ndi lalikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Othyola tiyi akamadutsa madzulo amacheukabe kuno, kenaka n'kufulumiza mapazi.

Mawa ndijomba masamu a masana. Ndipinda chofunda, ndichikulunga m'thumba loyera, ndipo a Rozi apempha kale ngolo kwa aneba ndi amuna anayi onyamula. Ndikachipereka m'manja mwa a Mpokosa nditagwada, mashini atakwera kale pangolo. Sindikanama. Akandifunsa ngati mashini ali moyo ndikawauza zoona, koma sindikuona kapitawo akufunsa mwana wasukulu. Dzuwa lisanalowe miyendo inayi ikhala itabwerera m'maenje ake, ndithira mafuta, ndifunditsa chitenje, tilandira Sabata.

Lamulungu m'mawa ndiyamba kusoka chithunzi chija pa matumba. Choyamba chidzakhala choipa, thirakitala idzaoneka ngati dzungu. Chachisanu mwina chidzayamba kuzindikirika. Amayi a m'malaini a pa esiteti chaka chilichonse amafuna zofunda, ndipo chofunda chilichonse chimayanikidwa panja. Ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, nthawi ndili nayo. Amene alibe ndi a Mpokosa. Choncho kuyambira lero ndiziwapempherera monga timaphunzitsidwira, kuti Mulungu awapatse moyo wautali, ndipo maso awo asafe msanga.